Kawaya ka Kopa ka Haswell

Madzi anali atatunga kale, mbale za anthu a pamalilo atatsuka, matewela a Uchizi atayanika, nkhuku atazitsegulila. Zotsala zinali kusinja mtedza wa ndiwo, kubweza mabenchi ku chalichi, ndi kuona njinga yamoto ya mwamuna wake ikutuluka pakhomo ndi munthu wina. Nchito yomalizayi Watipaso sanaivomele.

Mwamuna wakeyo, Haswell, anali atagona m'manda masiku anayi. Dzulo lake, pogawa katundu, mkulu wake Benwell ndiye anali ndi pakamwa. Kalaliki wa ku Chipata ameneyu sanaponde kuchipatala ngakhale kamodzi masabata atatu onse amene mng'ono wake anadwala, koma katundu ankamudziwa ngati anagula ndi iye. Matilesi anatenga. Wailesi anatenga. Bokosi la masipana analiika pansi pa mpando wake.

"Njinga nayo ipita na ine," anatelo.

"Ndiyo itidyetsa, alamu. Nimatengelapo tomato ku msika," anayankha Watipaso.

"Mwana ni wathu, tizamuona. Imwe mukali wang'ono, muzakwatiwa, manje chuma cha m'bale wanga chikadye mwamuna wina? Nanga wa giledi seveni njinga aidziwa chani? Muzaphikilapo?"

Ena anaseka. Apongozi ake, amake Haswell, anangoyang'ana pansi.

M'mawa uno onse anali atapita kumanda kukaimika mtanda. Watipaso anatsala, ati mwana akulila. Uchizi sanali kulila. Anamubeleka kumsana, natenga mpeni wosendela mbatata, nagwada pambali pa njinga pansi pa mtengo wa mango.

Zaka zitatu anakhala akugwilila mwamuna wake masipana, ndipo Haswell anali munthu wosatha kugwila nchito chete. Chilichonse ankafotokoza. M'kati mwa kapu yakuda yovindikila pulagi mumakhala kachitsulo kochepetsa mphamvu ya moto. Haswell anakachotsa, naikamo kawaya kokhuthala ka kopa, kuti moto uzifika pa pulagi wathunthu. Kakale kaja, kotopa ndi kong'aluka, anakasunga m'botolo la mafuta odzola, pakuti sankataya kanthu.

Watipaso anamasula kapu ndi nsonga ya mpeni. Kawaya anakamanga pa mfundo ya chitenje, nabwezelamo kotopa kaja.

Kenaka anafika pa kabuleta, pamene petulo amasakanizana ndi mphepo asanalowe mu injini. Pali kasikulu kamodzi. "Ukakatsegula maningi, injini ikhala na ludzu, itentha mpaka kupsa," ankatelo Haswell. "Ukakatseka, ikhuta petulo monga chidakwa, pulagi ida bii, njinga igona."

Dzanja lake linafuna kutsegula. Ipse, ifele pamsewu, pasapezeke woikwela, Benwell atenge chitsulo chabe. Anakanikiza mpeni pa kasikulu nthawi yaitali mpaka nsonga inathyoka pang'ono. Koma kupha njinga kunali kuika Haswell m'manda kawili. Anatembenuzila kotseka, mpaka kasikulu kanakana.

Atabwela akumanda anamupeza akusinja mtedza.

Benwell anavala jekete ya malemu ndi nsapato zake zosongoka za ku ofesi. Ati ayambe wakaonekela kwa akuchikazi ku Chikomeni, mawa ndiye Chipata. Anaponda kiki kasanu ndi katatu, thukuta lili kamukamu, njinga ndiye inadzuka ikutsokomola utsi wakuda.

"Yakhalitsa chabe," anatelo, nanyamuka.

"Muyende makola, alamu," anatelo Watipaso, munsi uli m'manja.

Dzuwa litapendeka anamuona akutulukila kumapeto kwa munda wa fodya, akukankha. Jekete inali pa chiwongolelo, malaya atamatilila kumsana, nsapato imodzi itayasama ngati mlamba. Anagwetsa njinga pansi pa mango, nakhala pa dothi.

"Madzi," anatelo.

Watipaso anamupatsa atagwada, mwaulemu wonse.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Inamuzimila asanafike ndi theka la njila. Anagula pulagi yatsopano pa kantemba, inayenda pang'ono, n'kuda, n'kuzima. Anagulanso ina, chimodzimodzi. Pokwela chitunda inazima mwadzidzidzi, namugwetsela m'minga, azimai obwela ku chigayo akuona.

"Petulo yatsala pang'ono kutha, koma kuyenda kulibe! Mulamu, mwaichita chani njinga iyi?"

"Ine wa giledi seveni, alamu? Nidziwa kuphika chabe."

Apongozi, amene kuyambila tsiku la malilo sanalankhule mau opitilila awili, anadzuka pa mphasa. Anayenda mpaka pa njinga, naika dzanja pa thanki.

"Mwana wane wakana," anatelo. "Zaka zonse izi sinamuvutepo. Iwe tsiku limodzi yakugwetsa. Ufuna akuuze bwanji, Benwell? Akubwelele kutulo?"

Benwell anayang'ana njinga, nayang'ana njila ya kumanda. Sanaigwilenso. M'mawa mwake anakwela basi ndi matilesi, wailesi ndi masipana, osatsazika mlamu wake.

Fumbi la basi lisanathe, Watipaso anali atagwada kale pansi pa mango. Anapala mwaye pa pulagi, namasula mfundo ya chitenje, nabwezela kawaya m'malo mwake. Kasikulu anakabweza kamodzi ndi theka, monga ankachitila mwini wake. Atatembenuka anapeza apongozi ataima kumbuyo kwake. Anali ataona zonse.

Anayang'anana.

"Anyina Uchizi," anatelo apongozi, "mabenchi ya chalichi yakali pano. Bweletsani mwana nimugwile."

Watipaso anakwela. Anaika phazi pa kiki, nakankha mopepuka, osadzuka n'komwe pa mpando. Njinga inalila nthawi yomweyo. Mosadziwa, dzanja lake linapita pa chipsela cha pamimba. Kawaya kaja Haswell anakaika sabata imene iye anatuluka m'chipatala atamung'amba pobeleka Uchizi. Anzake ankawauza kuti n'zoonjezela liwilo. Kwa mkazi wake anangoti, "Usazivutike kuponda na mimba yosoka. Kamodzi chabe, izamvela."

Zonse pamodzi zinadya izi. Benwell: mapulagi awili, thanki ya petulo, nsapato imodzi ndi khungu la pa chigongono. Watipaso: matilesi, masipana, nsonga ya mpeni ndi moni wa alamu ake. Haswell: kawaya kamodzi kotalika ngati chala cha mwana, kamene anadula m'kati mwa wailesi yake, wailesiyo n'kuleka kulankhula. Kuyambila tsiku limenelo, mpila ankakamvela kwa aneba.