Mpira Usakhudze Mababu

Chaka chimene chilala chinapsereza tiyi, shedi yaikulu yofotetsera masamba pa esiteti ina ku Mulanje inangokhala yopanda kanthu. Bwana wa pamenepo, posafuna kuchotsa ntchito amayi othyola tiyi, anawauza kuti ntchito yawo tsopano ndi kusewera mpira wamiyendo m'shedimo. Kaputeni wawo anali Estele Namakhwa, mayi wolusa wosadziwa kunyengerera munthu.

Denga la shediyo linali lalifupi, mababu ali lendelende, ndipo Estele analumbira kuti woswa babu achoka m'timu tsiku lomwelo. "Pansi, anzanga, pansi! Mpira si mbalame!" ankakalipa motero. Amayiwo anazolowera kupatsirana mpira ukukwawa ngati njoka, n'kumadutsa mothina ngati m'mizere ya tiyi. Matimu ochokera ku Boma, ngakhale a ku Blantyre, ankabwera pa minibasi akuimba n'kubwerera ali chete, anthu a m'makomboni akuvina pakhomo.

Kenako mvula inagwa. Esiteti yonse inalulutira, tiyi anaphukira, ndipo shedi inadzazanso masamba. Estele anazula yekha magolo awo ansungwi, n'kubereka dengu lake lothyolera tiyi. Timu inathera pomwepo.

Masiku ano anyamata akamufunsa kuti, "Amayi, timu yanu ija inagonja kwa ndani?" Estele amawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kugonja? Ife inatitulutsa ndi mvula, osati munthu. Ndipo mukafunse m'shedimo ngati tinaswapo babu ngakhale limodzi."