Agogo Odikira Kuseka

Ndinalota agogo amene ndimawasamalira kunyumba ya okalamba kuno ku Glasgow, omwe kale ankaseketsa dziko lonse la Scotland pa wailesi yakanema. Mpaka lero akanena nthabwala amayamba adukiza kaye, kudikira kuti anthu aseke, monga ankachitira pa siteji.

M'malotomo anali ataima pansi pa magetsi otentha, penti wa kunkhope akusungunuka ngati kandulo. M'holomo munali mipando yokhayokha, yonyowa, yonunkha mankhwala a kuchipatala. Ananena nthabwala n'kudukiza. Apo ndinaona kuti asiya kupuma, ndipo milomo yayamba kuda.

"Seka, mwanangu," anandinong'oneza. "Mpweya wanga uli kwa iwe."

Ndinayasamula, koma m'kamwa munali mutadzaza thonje louma. Ndinkalizula, lina n'kumabwerabe, iwo akungondiyang'ana.

Kaya amanditsanzika, sindikudziwa. M'mawa uno ndikuwameta ndevu, ayankhula Chingelezi chawo cha ku Scotland chovuta kumva, kenako n'kudukiza. Sindinatolepo kanthu, koma ndaseka mpaka misozi, dzanja langa lili pachifuwa pawo.