Ulusi Wofiira wa Mayi Zikwama

Foni ya malemu inanjenjemeranso patebulo, n'kusuntha pang'onopang'ono mpaka inakagunda chitini cha mapini. Aka kanali kachinayi m'mawa umenewo. A Mawa anaiyang'ana koma sanaigwire. Panali patatha masiku asanu chiikireni akazi awo m'manda, koma foniyo inkangolira ngati mwini wake wangotuluka pang'ono.

"Ingoizimitsani, Bambo," anatero mwana wawo wamwamuna, amene anali atagwada kuseri kwa makina osokera, akukopera manambala ake pakapepala. "Ikungokuwonjezerani maganizo."

"Ndiizimitsa mawa."

Mwanayo anaseka pang'ono, kenako anachita manyazi ndi kuseka kwakeko. Dzina lakuti a Mawa anawapatsa ndi malemu omwewo. Pa zaka zonse zimene bamboyu anayendetsa basi sanachedwepo kunyamuka, koma zapakhomo zinali zina. Mpopi ukadontha, mawa. Chitseko chikayamba kulira, mawa. Dzinalo linawakanirira mpaka anthu oyandikana nawo anaiwala lenileni, ndipo eni ake ankavomera bwinobwino akaitanidwa.

Chipinda chimene analimo chinali chogona ana kale. Tsopano munali makina awiri osokera, mashelefu a zikwama za ana asukulu, makatoni opinda, ndi nsalu yoyera yokhomedwa pafupi ndi zenera, pamene ankajambulira katundu. Sitolo ya pamsewu kunalibe. Malemu ankagulitsa zikwamazo patsamba lawo la pa intaneti, kwa anthu amene sanawaonepo nkhope, ndipo anthuwo ankawatchula kuti Mayi Zikwama.

"Wogula uja akubwera lero masana," mwanayo anatero akudzuka n'kusasa maondo. "Akufuna zonse: makina, tsamba, ndi dzina lomwe. Akuti anthu otsatira tsambali ndi ambiri, koma likakhala chete mwezi umodzi onse abalalika. Ndiye za lero zilibe mawa, Bambo. Tikatha zimenezi, Loweruka tinyamukira limodzi."

A Mawa anangogwedeza mutu. Nkhaniyi inakambidwa dzulo lake, ngati kukamba kuli kumvetsera wina akulankhula. Nyumba ichititsidwe lendi, iwo akakhale kwa mwana wawoyo, m'nyumba yosanja, pamwamba pachinayi. Anapitako kamodzi. Anakumbukira masitepe osatha, zenera loyang'ana khoma la nyumba ina, ndi mpando umene anakhalapo tsiku lonse kudikira kuti anthu aweruke kuntchito. Sankafuna kupita. Ankaopa mpando umenewo kuposa mmene ankaopera kugona okha. Koma akanati chiyani? Iwo anali dalaivala wopuma ntchito, wongotumidwatumidwa m'bizinesi ya mkazi.

Chitseko chinalira, ndipo analowa mlamu wawo, mng'ono wake wa malemu, amene ankasoka zikwamazo ndi mkulu wake chiyambire. Anabwera ndi jumbo yoti atengeremo sizasi yake ndi khushoni la pampando.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka, kaya inu?"

"Kudzuka kwake n'komweku." Anatembenukira kwa mwana uja. "Ndamva kuti makina apeza mwini watsopano. Ine wandifunsa?"

"Amayi aang'ono, musanditenge ngati wankhanza. Kusoka mumasoka, palibe angatsutse. Koma foni mumaiopa ngati njoka."

"Sindikana. Ine ndi singano basi. Zolankhula ndi anthu osawaona nkhope sindizitha."

"Ndiye ajambule ndani? Ayankhe makasitomala ndani? Atumize katundu ndani?"

Mlamuyo anayang'ana pansi. Mwanayo anayang'ana makina. Panalibe amene anayang'ana a Mawa, ndipo zimenezi zinawapweteka, ngakhale kuti akanawayang'ana akanasowa chonena.

"Bambo, tathandizani kuchotsa thabwa ilo," anatero mwanayo mofewetsa mawu. "Wogula asapeze zamapepalazi."

Thabwalo linali chitseko cha kabati yakale, chokutidwa ndi bulangete lotuwa n'kukhomedwa pakhoma. Malemu analigawa m'mizere itatu. Mzere woyamba analemba kuti Sabata Ino, wachiwiri Chaka Chino, wachitatu Kutsogolo, ndipo m'munsi monse munali malo a Zatheka. Lolemba lililonse m'mawa, asanagwire sizasi, ankaima pathabwapo ndi timapepala. Cholinga chilichonse chaching'ono ankachibaya ndi pini, n'kumangirira ulusi papiniyo, ulusiwo n'kuukokera ku cholinga chachikulu chimene kanthu kakang'onoko kankatumikira. Ankati cholinga chaching'ono chopanda ulusi n'kutanganidwa chabe, ndipo chachikulu chopanda ulusi ndi maloto. A Mawa ankalitcha ukonde wa kangaude, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi sanaime n'kuliwerenga.

Anavala magalasi awo n'kuyamba kuzula mapini a m'munsi. Malemu sankataya kapepala kakatheka; ankangokatsitsira ku Zatheka, ulusi wake uli pomwepo. Ulusi wobiriwira unkapita ku pepala lakuti "Makina achiwiri." Wabuluu unkapita ku "Sukulu zitatu zizioda kwa ife." Koma wofiira ndi umene unachuluka, ndipo a Mawa anayamba kuwerenga timapepala take chifukwa chongofuna kuchedwetsa ntchito.

"Kujambula chikwama pazenera, dzuwa lisanakwere."

Anakumbukira tsikulo. Akazi awo anati m'manja mwawo muli guluu, ndiye a Mawa agwire foni. Anawajambulitsa chikwama chimodzi kasanu ndi kawiri, mpaka chithunzithunzi chitachoka pathumba lakutsogolo.

"Kulongedza oda, adilesi mbali ziwiri."

"Kukagula mazipi okha, osandiimbira."

"Kuloweza nambala yotsekulira tsamba."

Imeneyo ankawafunsa pa chakudya cham'mawa, akuti iwo ayamba kuiwalaiwala. Mayi amene ankakumbukira mtundu wa chikwama chimene kasitomala anagula chaka chatha, ati ayamba kuiwala manambala asanu ndi imodzi. Ndipo a Mawa anakhulupirira, n'kumawaseka kuti ukalamba wafika.

"Kuyankha kasitomala mmodzi." "Kuika mtengo patsamba." "Kukana oda imene sitingathe." Kapepala kalikonse kanali ndi tsiku lake la kung'ung'udza. Kangati a Mawa anafunsa kuti kodi anapuma ntchito kuti akhale mtumiki? Malemu ankangoti, "Pang'onopang'ono ndi mtolo, a Mawa," n'kupitiriza kudula nsalu.

Anasiya kuzula. Anaika chala paulusi umodzi wofiira n'kuutsatira kukwera nawo, kudutsa Sabata Ino, kudutsa Chaka Chino, mpaka pangodya ya pamwamba pa Kutsogolo. Ulusi wonse wofiira unkathera pamenepo, papini imodzi imene inali itapindika ndi kukokedwa. Pepala lake linali lopinda pakati, zolemba zili mkati. Analitambasula osalizula.

Pamwamba panali deti, ndipo analizindikira. Inali sabata imene anachokera kuchipatala ulendo woyamba, zaka ziwiri zapitazo, pamene akazi awo anatuluka m'chipinda cha dokotala akumwetulira n'kunena kuti ndi kutopa chabe. Pansi pa detilo panali mawu ochepa.

"Zaka ziwiri. A Mawa aziyendetsa okha bizinesi. Asadzasowe chodzukira, asadzakhale katundu wa ana."

A Mawa anakhala pampando wa makina, magalasi ali m'manja. Mwana wawo anasendera pafupi n'kuwerenga nayenso.

"Ankadziwa?" a Mawa anafunsa, osayang'ana munthu.

"Ankadziwa, alamu," mlamuyo anayankha, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Anandilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa."

"Bwanji osandiuza ine? Zaka makumi atatu ndi zinayi m'nyumba imodzi."

"Ndinawafunsa zomwezo. Anati, ndikawauza kuti phunzirani chifukwa ine ndikupita, akana, chifukwa kuphunzirako kukhala ngati kuvomereza. Ndiye bola azindinyinyirikira, koma akuphunzira."

A Mawa analira pamenepo, kulira kumene sanalire kumanda chifukwa cha maso a anthu. Anawakwiyira akazi awo chifukwa chosenza okha chinthu cholemera chotere, ndipo anadzikwiyira okha chifukwa cha kung'ung'udza konse kuja. Mkwiyowo sunakhalitse. Chimene chinatsala chinali chisoni, ndi manyazi a munthu amene wazindikira mochedwa kuti ankakondedwa kwambiri.

Atavalanso magalasi anaona kuti mumzere wa Sabata Ino munatsala kapepala kamodzi ka ulusi wofiira, kolembedwa malemu atadwalika kale. "Kuyankha kasitomala wokwiya." Phunziro limenelo malemu sanafike nalo.

Foni inanjenjemeranso. Ulendo uno a Mawa anaitola. Chala chawo chinadina manambala aja chokha, asanaganize n'komwe. Mauthenga onse asanu anali a mayi mmodzi. Anaoda chikwama cha mwana wake masabata awiri apitawo, sukulu ikutsegulidwa Lolemba, ndipo palibe amene akumuyankha. Uthenga womaliza unati akapanda kumva kanthu lero, alemba patsamba pomwepo kuti anthu achenjere ndi akuba.

"Ndipatseni," anatero mwanayo, nkhope itasintha. "Ndimuuze kuti kuno kwagwa maliro. Achite manyazi."

"Iyayi. Mayiyu sanalakwe. Mwana wake alibe chikwama."

Anakumbukira mmene akazi awo ankawerengera mokweza yankho lililonse asanalitumize, ngakhale iwo ali pakati pomvera mpira pawailesi. Zinkawanyansa, koma zinalowa. Choyamba kupepesa, chachiwiri kutchula tsiku, ndipo zifukwa zako usunge wekha.

"Alamu, chabuluu cha matumba awiri chija chili pati?"

Mlamuyo anasanthula pashelefu n'kuchitulutsa. "Chatsala lamba mmodzi ndi zipi."

"Chingathe isanakwane thwelofu?"

Mlamuyo anatulutsa khushoni lake m'jumbo muja, mmene anali ataliika kale, n'kulibwezera pampando. A Mawa anamupatsa malo, ndipo analemba ndi chala chimodzi, akuwerenga mokweza liwu lililonse: "Pepani kwambiri mayi, talakwa ndife. Chikwama cha mwana chinyamuka lero masana, chikupezani Loweruka. Ndikutumizirani chithunzi chake chikamalowa m'katoni."

Makina anayamba kulira. Mwana uja anaima pakati pa chipinda, kapepala ka manambala kali m'manja.

"Bambo, chikwama chimodzi si bizinesi. Nanga mwezi wamawa? Nanga mukadwala muli nokha muno? Amayi adwala zaka ziwiri ine osadziwa, ndili kutali. Sindikufuna foni ina ngati ija yondiuza za maliro awo."

Apa m'pamene a Mawa anaona kuti changu chonse cha mwana wawo, manambala ndi wogula ndi Loweruka, anali mantha. Anamugwira paphewa, chinthu chimene anali asanachite chikulireni mwanayo.

"Ndakumva, mwana wanga. Ndikadwala ndidzakuuza tsiku lomwelo, sindidzachita za mayi ako. Koma undipatse miyezi itatu. Zikakanika, masitepe ako aja ndidzakwera ndekha, sudzachita kundikoka."

"Miyezi itatu yeniyeni, kapena ya a Mawa?"

"Ilembe pathabwapo. Pa Chaka Chino."

Mwanayo anayang'ana thabwalo, anayang'ana mayi ake aang'ono ataweramira pamakina, kenako anapinda kapepala kake n'kukaika m'thumba. Anatuluka panja ndi foni yake, ndipo patapita kanthawi anamveka akupepesa munthu wina kuti asavutike kubwera.

Yankho la mayi uja linafika lalifupi: "Chabwino, ndidikira." A Mawa anazula kapepala ka kasitomala wokwiya n'kukatsitsira ku Zatheka, ndipo anabwezera mapini onse amene anazula aja. Mzere wa Sabata Ino unatsala wopanda kanthu, ndipo unkaoneka moipa. Anatsegula chitini cha mapini kuti aone ngati muli kotsala kolembapo.

Pansi pa mapini wamba panali mtolo wa timapepala todulidwa kale, tosalembedwa, tomangidwa ndi labala. Pambali pake panali kansalu kopindidwa, ndipo atakafunyulula anapeza mapini ambirimbiri obayidwa mondondozana, iliyonse ili ndi ulusi wofiira womangidwa kale, wokulungidwa bwino kuti usapiringizane. Anakumbukira masabata omaliza aja, akazi awo atatsamira pilo, akumanga timfundo pang'onopang'ono. A Mawa ankayesa kuti mayiwo akungotayitsa nthawi. Zala za a Mawa zinali zonenepa, zozolowera chiwongolero, ndipo sizinathepo kumanga mfundo paulusi.

Anatenga kapepala kamodzi n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Lero. Kutumiza chikwama chabuluu." Anakabaya pamwamba pa Sabata Ino, n'kumasula ulusi wake, kuukokera kungodya kuja, ku pini yopindika. Ulusiwo unafika ndendende, osaperewera ndiponso osalendewera. Malemu anali atauyeza.