Phazi la Panjerwa

Sindinauzepo munthu kuti malume anga a Bonifasi amandinyansa. Pamaso pawo ndimagwada, ndimawapatsa madzi osamba m'manja, ndimayankha ndi mawu apansi. Koma apa ndilemba momwe zilili.

Chinali chaka cha chisankho choyamba cha matipate. Ine ndinali nditangolemba mayeso a JC, ndili pakhomo kwathu kumtunda kwa Chisepo. Malumewo anali atalemera ndi fodya wa bale, atagula pikapu, ndipo tsopano ankafuna uphungu. Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi nkulengeza kuti nyumba ya Mulungu aikonza okha. "Zinthu zasintha, abale," anatero. "Sitingamapemphere m'chigafa." Anthu anaomba m'manja mpaka akadzidzi a kudenga anadzuka.

Chigafa ankanenacho anamanga ndi makolo athu kalekale, azungu a mishoni akadalipo. Njerwa anaumba okha kudambo, amayi nkumazisenza pamutu kukwera nazo phiri. Mazenera ake anali obulungira pamwamba, njerwa zokhazokha zogwirana popanda chitsulo. Ngakhale mu Okotobala m'katimo munkazizira bwino.

Kumbali ya amayi, pansi pa zenera lakumapeto, panali njerwa yokhala ndi chidindo cha phazi la mwana. Agogo anga aamuna ali kamwana anaponda njerwa yaiwisi, oumbawo nkungoseka, nkuiotcha choncho. Mayi anga a Rute ankakhala pamenepo nthawi zonse, ndipo ulaliki ukatalika ankalowetsa chala m'timaenje ta zala zaphazizo. Anamwalira ndili Fomu 1. Chithunzi chawo tilibe. Pamalo pawopo ndinayamba kukhala ine.

Malume anabweretsa mmisiri wa ku Lilongwe, dzina lake Frank, wovala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Anabwera ndi mafelemu a mazenera achitsulo aataliatali amene anatsala pa sitolo ya winawake. M'malo moyeza mafelemu kuti akwane pakhoma, anati agumula khoma kuti likwane mafelemu. Ndinamva akuuza akuluampingo, iwo nkumangogwedeza mitu ngati abuluzi.

Ndinatha masiku ndikuyeserera mawu kuseri kwa nkhokwe. Kenako ndinawapeza malume atakhala pakhonde akupukutitsa nsapato, ndinagwada chapatali.

"Malume, ndimati ndipemphe."

"Lankhula mokweza, Elube. Kusukulu ankakuphunzitsa kunong'ona?"

"Njerwa ija ya phazi la agogo. Mwina akanaisiya, kapena aichotse bwinobwino ndiisunge."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, fizi yonse ija ndiye zimenezi? Potsegulira pabwera mabwana a chipani. Ukufuna ndiwatengere pakona ndikawaonetse kuti bambo anga ankayenda chopanda nsapato?"

"Anali mwana, malume."

"Anafanso alibe nsapato! Mapazi ming'alu yokhayokha. Ine ndikufufuta umphawi, iwe ukuti tiuike m'felemu?"

Ndinangoti zikomo nkudzuka. Agogo ankawanyozawo ndi bambo awo owabereka.

Mawa lake ndinapita kwa Frank. Ndinamupeza ataimirira pa benchi ya kwaya akusuta.

"Achimwene, mukafika pazenera ilo mundisungireko njerwa imodzi."

"Njerwa? Asisi, atsikana anzanu amandipempha Fanta." Anyamata ake anaseka. "Tamwetulirani kaye tione. Ayi? Chabwino, bwerani Lachinayi, tikusungirani."

Ndinapita Lachitatu, poopa. Ndinapeza pazenera pali chibowo choti ng'ombe nkulowa. Khoma lotsala anali atalimata kale simenti, ndipo kutsogolo anali atayamba kupaka penti ya mtundu wa chipani cha malume. Tchalitchi chinkaoneka ngati golosale. Pamwamba pa chitseko anasiya malo osalala oti alembepo dzina la wopereka.

"Njerwa zija zili kuti?" ndinafunsa.

"Ii, ndinaiwala," anatero Frank osatembenuka. "Abwana anati tikwirire maenje mumsewu. Benzi ya alendo singakwere phiri lino."

Ndinatsika. Zidutswa anazithira pamalo pamene madzi anakumba, pafupi ndi mjigo, ndipo ngolo zinali zitadutsapo kale. Ndinagwada nkuyamba kutembenuza chimodzichimodzi. Amayi a pamjigo anasiya kupopa. Wina anati, "Mwana wa malemu Rute uja, sukulu yamuzunguza mutu." Anzake anamuyankha kuti mwina ndataya ndolo. Amenewa ndi amayi omwe ankakhala benchi imodzi ndi mayi anga, ndipo palibe anafunsa chimene ndinkafuna.

Dzuwa litapendeka ndinapeza kachibenthu kokwana m'dzanja, kali ndi timaenje m'mphepete. Mwina ndi zala. Mwinanso ndi pamene panagwera timiyala pouumba. Ndinayesa kulowetsamo chala, sindinadziwebe.

Ndili chigwadire choncho ndinamva hutala. Inali pikapu ya malume, kumbuyo itadzaza zitini za penti. Anatulutsa mutu pawindo.

"Elube! Ukundichititsa manyazi pamsewu? Kwera kuno, ukathandize kukolopa simenti."

"Ndibwera wapansi, malume."

"Ndiye choka, ndidutse."

Ndinapatuka. Matayala anakwera pa njerwa zija, zikuphwanyika ngati chimanga mumtondo, ndipo malume anaimikanso galimoto patsogolo pang'ono nkusuzumira kumbuyo.

"Waona?" anakuwa mokondwa. "Msewu wakhala bwino tsopano!"

Kachibenthu kaja ndinakamanga pansonga ya chitenje. Kukakolopa sindinapite.