Muvi Wogwa Popanda Mboni

"Koma ukuyenda bwinobwinotu, Aphunzitsi," anatero makaniko, akuloza muvi wa sipidomita ndi chala chodetsedwa ndi girisi. Anali atazungulira katatu msewu wa kuseri kwa galaja, muviwo ukukwera ndi kutsika mwaulemu ngati mwana wasukulu pamaso pa ahedi.

"Dzulo unagwa," anatero Aphunzitsi. "Ndikuthamanga ndithu, unangoti khu pa ziro, kenako n'kudzukanso wokha."

"Matenda ena amathawa akamva fungo la chipatala," makaniko anaseka. Palibe anamuthandiza kuseka.

Galimotoyo inali yakalekale, yobiriwira, ya mabampa onyezimira, yoti anthu ankacheuka ikamadutsa. Chipumireni pa ntchito, mawondo atayamba kuvuta, ndiyo inali miyendo ya Aphunzitsi. Makaniko anali atasintha kale kebulo yochokera ku giyabokisi, anamasula dashibodi, anatsuka kagiya ka kuseri kwa muvi. Zonsezo sizinathandize. Muvi unkagwabe, koma Aphunzitsi akakhala okha.

Kumpando wakumbuyo kunakhala mwana wawo wamkazi, namwino, akadali mu yunifomu. Sabata yapitayo apolisi anaimitsa bambo akewo pafupi ndi sukulu chifukwa chothamanga, Aphunzitsiwo n'kunena kuti muvi unali utafa. Ndiye mwanayo anabwera kudzadzionera yekha.

"Inuyo munauonapo ukugwa?" namwinoyo anafunsa makaniko.

Makaniko anaimitsa galimoto, nakanda m'mutu. "Ndisaname, mayi, sindinauonepo. Koma sindikuti madalawa akunama."

"Ababa," anatero namwinoyo motsitsa mawu, "mwezi watha munasiya simbi ili yoyaka mpaka thebulo linapserera. Dzana munanditchula dzina la malemu amayi."

"Kuiwala simbi si kuona zinthu zomwe kulibe. Wamisala anaona nkhondo, mwana wanga."

"Palibe wanena kuti ndinu amisala."

"Nanga makiyi a galimoto ukuwafuniranji?"

Namwinoyo anangoyang'ana pawindo.

Aphunzitsi anapempha kuti ayendetseko iwowo kamodzi kokha. Anasankha msewu wamaenje, analowetsa tayala m'dzenje lililonse mwadala, anasintha magiya mwankhanza momwe sanachitirepo. Galimoto inalira paliponse, zitseko zikugwedera. Muvi uli nji. Anagogoda kagalasi kake ndi chikhadabo, akuupempha chamumtima kuti ugwe ngakhale kamphindi. Thukuta linatsikira m'kolala.

Atabwerera ku galaja, makaniko anapukuta manja nthawi yaitali. "Chinthu chosaoneka ndichigwira bwanji? Ukagweratu osadzukanso, mubwere nayo."

Aphunzitsi anazimitsa injini. Anakhala atagwira chiwongolero, pomwe zala zawo zinasalalitsa kwa zaka zambiri. Kenako anazula makiyi, natambasulira dzanja kumbuyo osacheuka.

"Klatchi yake imagwirira pamwamba," anatero. "Usaikakamize."

Popita kunyumba ankayendetsa ndi mwana wawoyo. Iwo anakhala kumpando wa m'mbali, manja ali pamaondo, osadziwa powaika. Atayandikira mlatho, kutsogolo kunatulukira lole yodzaza matabwa, namwino n'kuponda mabuleki pang'ono, maso ali pamsewu. Pomwepo muvi unanjenjemera, n'kugwa pa ziro.

"Taona! Taona!"

Lole itadutsa, namwino anatsitsa maso. Muvi unali utadzuka kale, uli pamalo pake.

"N'chiyani, Ababa?"

Aphunzitsi anamuyang'ana. Pankhope pake panalibe mkwiyo, panali mantha, ndipo misozi inali italengeza. Anayang'ananso muvi uja. Kwa nthawi yoyamba anadzifunsa ngati unagwadi.

"Palibe, mwana wanga," anatero. "Yang'ana kutsogolo."