Masamba Awiri pa Chitseko cha Kalasi

"Ndiye mukuti palibe waona amene wamanga zimenezi?"

"Aona onse, aphunzitsi. Koma mukawafunsa, aliyense anali kumunda."

Leisavi anasiya kumufunsa wapolisiyo. Pa chitseko cha kalasi panali masamba awiri a mtengo wa namele, opingasa, omangidwa ndi luzi. Pachilumba chawo ngakhale mwana amadziwa kuti pamene paikidwa masamba amenewa sipadutsa munthu mpaka amene wawaikayo atawachotsa yekha. Ndipo m'kalasimo ndi mmene munagona bokosi la mavoti, lomwe linafika dzulo lake pa boti pamodzi ndi mapepala a anthu 214. Woyang'anira chisankho pamalopo anali Leisavi yemweyo. Nthawi yotsegulira inali itadutsa kale.

Funso la papepala linali lalifupi: phungu akachoka m'chipani chimene chinamulowetsa m'nyumba ya malamulo, ataye mpando wake, inde kapena ayi? Malume ake a Leisavi, a Kalmatak, omwe anali phungu wa derali, anali atasintha zipani kasanu m'zaka zitatu. Anthu ankati malaya a zipani amavala ophatikiza, kuti boma likagwa azingovula apamwamba. Malo amene panamangidwa sukuluyo anali awo. Mwambi wa masambawo sunali wovuta kumasulira ayi. Chovuta chinali kuumasulira mokweza.

Leisavi anakawapeza pakhonde pawo akusenda nthochi. Anamulandira bwino, n'kumufunsa ngati wadya. Za voti anati sakuzidziwa. Iwo akungokumbutsa boma kuti nkhani ya malire a sukulu sinathe, ndipo masambawo adzachotsa mawa akakambirana ndi akuluakulu.

"Malume, boti likubwerera ndi bokosilo madzulo ano."

"Ndiye lipita lopepuka. Nyanja sikonda katundu wolemera." Anataya khoko la nthochi. "Zilazi za amayi ako zikukula bwino kumtunda kuja. Nthaka yabwino ija. Nthawi zina ndimachita kuiwala kuti ndi yanga."

Leisavi anabwerera kusukulu. Munda umenewo amayi ake anaulima kuyambira pamene bambo ake anamwalira, ndipo analibe wina.

Pabwalo la sukulu anthu anali atakhala pa udzu, ziphaso zili m'manja, onse atafulatira chitseko ngati kuti chili maliseche. Wapolisi uja anamunong'oneza kuti angolemba lipoti loti panabuka vuto la mwambo. Ku likulu amazimvetsa zotere, ndipo munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha tsamba. Leisavi anamusiya pomwepo. Anazungulira kuseri kwa kalasi.

Kuseriko lona wabuluu ankakupizidwa ndi mphepo. Khoma la kumeneko linagwa ndi namondwe zaka ziwiri zapitazo, ndipo ana ake a sukulu ankalowera pamenepo tsiku lililonse chifukwa chitseko chinkalimba. A Kalmatak anali atalonjeza kumanganso khomalo ali m'chipani chachiwiri, chachitatu ndi chachisanu. Kubwera kudzaliona ndiye anali asanabwerepo.

Anabwerera pabwalo n'kufunsa anthu mwaulemu ngati namele amaletsa chitseko kapena chipinda chonse. Kenako mkulu wa mpingo, a Tarisu, anakanda kumutu n'kunena kuti pamene makolo ankaika mwambowu nyumba iliyonse inali ndi makoma ake onse, choncho iwo sangaweruze. Wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Leisavi ankaphunzitsa masamu, ndipo ankadziwa kuti 214 ndi yaikulu kuposa munda umodzi. Koma m'mundamo munali mizere imene amayi ake anaunda atagwada, bondo likuwapweteka. Ankadziwanso kuti malume sadzafunsa za makoma. Adzangofunsa kuti analowa ndani.

Anatukula lona uja n'kulowa.

M'katimo munkanunkha choko ndi chinyezi. Chitseko anachiona cham'mbuyo, matabwa wamba okhala ndi msomali wopachikapo kalendala. Ananyamula bokosi, kenako mapepala ndi inki, n'kukaziika pa desiki pansi pa mtengo wa mango. Wapolisi, osamuyang'ana m'maso, anamasula lona uja n'kumumanga pa nthambi kuti pakhale pobisalira pochonga.

Kwa kanthawi palibe anadzuka. Aliyense ankayang'ana mnzake, ena ankayang'ana njira yochokera kwa a Kalmatak. Woyamba kuimirira anali mayi wovala diresi lamaluwa lopitira kutchalitchi, akutsimphina pang'ono. Leisavi anafufuza dzina la amayi ake m'kaundula ngati kuti sakulidziwa. Iwo analowa kuseri kwa lona, anatuluka, anaponya pepala m'bokosi, n'kupereka chala kuti achipake inki. Kumbuyo kwawo mzere unali utayamba.

Amayiwo sanachotse dzanja msanga. Anawerama ngati akuonetsetsa inkiyo, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ndaponya, mwanawe. Nanga chaka chamawa tikalima kuti?"