Nyanja Imene a Ngozo Ankaifuna Paphiri

A Obed Ngozo anabwerako ku Joni chaka cha riferendamu, atagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu pa kwari yophwanya miyala ya laimu. Anafika ndi sutikesi imodzi, chifuwa chosamva mankhwala, ndi nkhani imene sankatopa kuikamba.

Nkhaniyo inali yakuti tsiku lina pa kwaripo panafika mayi wina wodziwa za miyala, ndipo kapitawo anasankha a Obed kuti azimunyamulira chikwama ndi hamala. Anayenda naye masabata atatu. Mayiyo anawaonetsa mizere yopindika m'thanthwe, yosanjikizana ngati kabichi wodulidwa pakati, n'kuwauza kuti inaumbidwa ndi tizamoyo tonga ndere pansi pa nyanja yamchere, kalekale dziko lisanamere mtengo ngakhale umodzi. Anawaphunzitsanso kuwerenga thanthwe: apa madzi anali osaya ndi ofunda, apa mafunde ankawomba, apa nyanja inaphwa matope n'kung'aluka. A Obed, amene sukulu analekezera Sitandade 3, anali asanamvepo chinthu chokoma chotero.

Kumudzi kwawo, kufupi ndi Sharpevale, kunali kaphiri ka miyala yoyera imene anthu ankaphwanya n'kuotcha laimu. A Obed ataiyang'ana bwino miyalayo anati, "Ngati uyu ndi laimu, ndiye kuti kunonso kunali nyanja." Anayamba kuotcha nawo, koma mwala uliwonse ankayamba autembenuza kaye usanalowe m'ng'anjo, mpaka anzawo anatopa nawo. Chifuwa chitawaletsa ntchitoyo, kuphiri sanasiye kupita. Ankakwera pang'onopang'ono, akupuma pamtengo uliwonse, n'kutsika ndi miyala m'matumba a jekete. Uliwonse ankaulemba nambala ndi penti yofiira, ndipo m'kope ankalemba malo amene autola. Anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Akazi awo anamwalira miyala itadzaza kale chipinda chimodzi, ndipo pamudzi anthu ankangowatchula kuti a Nyanja.

Mwana wawo Lufina ankaphunzitsa pa pulayimale ina ku Kandeu. M'mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2004, anabwera kudzawaona patchuthi ndipo anawapeza atakhala pakhonde, ataonda, koma maso akuwala.

"Nangozo, ndaipeza," anatero asanamulonjere n'komwe.

Anamupatsa mwala wotuwa, wokwana m'dzanja. Mizere yopindika ija inalimo ndithu, yooneka bwinobwino.

"Mwautola kuti, bambo?"

"Kumtunda, pamene pali mbawa yogwa paja. Upite nawo ku Zomba, kwa anthu odziwa miyala. Akatiuze kuti nyanja yathuyi inali yozama bwanji. Ine sindingathenso kukwera basi."

Lufina sanakane. Anatenga mwala wotuwawo pamodzi ndi ina khumi yoyera, nanyamuka Lolemba m'mawa.

Ku Zomba anamulozera kwa a Maynard, katswiri wa miyala, bambo wa imvi, waulemu, amene anamvetsera nkhani yonse osamudula. Anayamba ndi miyala yoyera. Anadonthezera mankhwala pa umodzi, pamwalapo n'kuchita thovu, kenako anauyang'ana ndi kagalasi.

"Bambo anu sanalakwe kwenikweni," anatero a Maynard. "N'kutheka kuti miyala iyi inayamba ngati matope a pansi pa madzi. Koma taonani mmene ikunyezimira ngati shuga. Inakwiririka pansi kwambiri, inapsa, inapanikizika, n'kusanduka ina. Chilichonse chimene chinalembedwamo chinafufutika."

"Ndiye kuti atafufuza bwino sangapeze kanthu?"

"Angagumule phiri lonselo, mayi, sadzapezamo chizindikiro cha chamoyo."

Lufina anatulutsa mwala wotuwa uja. A Maynard anaulandira ndi manja awiri, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Uwu ndi weniweni," anatero. "Koma si wa kwanu. Sungachokere paphiri limodzi ndi inayi. Kodi bambo anuwo anagwirapo ntchito kunja?"

Lufina anakumbukira tsiku limene bambo ake anabwera ku Joni, iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, iwo akutulutsa katundu m'sutikesi: bulangete, wailesi, ndi kanthu kolemera kokulungidwa m'sokosi. Anakumbukiranso kuti chaka chathachi bambowo anamuitana kawiri ndi dzina la malemu mayi ake.

Ulendo wonse wobwerera pa minibasi Lufina ankakonza bodza. Anaganiza zokanena kuti akatswiri avomera, nyanja inalipo, ndipo mwala ausunga. Munthu wodwala chotero choona chimuthandiza chiyani?

Anawapeza pakhonde pomwepaja, atavala jekete la kutchalitchi, kope lili pamiyendo.

"Avomera, bambo," anatero Lufina. "Akuti kunali nyanja."

A Obed anatseka maso. Kenako anatsegula kope n'kugwira pensulo.

"Akuti yozama bwanji?"

"Yozama kwambiri."

Pensulo inaima. "Yozama? Tinthu timeneti sitikhala pozama, Nangozo. Timafuna dzuwa. Munthu wodziwa miyala sanganene choncho." Anamuyang'ana mwana wawo kumaso. "Wakuuza chiyani? Usandinamize, sindine mwana."

Lufina anagwada pansi, nawabwezera mwala uja, n'kuwauza zonse, za miyala yopsa ndi za mwala wotuwa. Pomaliza anati, "Bambo, uja munabwera nawo ku Joni, m'sokosi. Ndikuukumbukira."

"Ndinautola pambawa paja," anatero a Obed mwaukali. "Ndinagwada, ndinafukula ndi manja angawa." Anatsegula kope kufuna tsiku limene analemba. Anafufuza masamba onse, n'kubwerezanso. Nambala ya mwalawo munalibe. Anautembenuza mwalawo, ndipo sanapezepo penti yofiira.

Polankhulanso, mawu awo anali atatsika.

"Ndikuona ndithu ndikuufukula. Ndikumva ndi fungo la dothi. Ngati zimenezo sizinachitike, nanga mayi uja wa ku Joni analipo? Kapena nayenso ndinangomulota?"

"Analipo, bambo. Mwalawu ndi umboni."

"Iwe unamuona?"

Lufina anapukusa mutu.

Kuyambira tsiku limenelo a Obed sanakwerenso phiri. Nkhani ya nyanja anaisiya, ndipo anasiyanso kukamba nkhani ina iliyonse yakale, poopa kuti mwina sinachitike. Munthu akawafunsa za ku Joni ankangoti, "Kaya." Mlongo wawo, a Eliness, anasamukira pakhomopo kudzawasamalira, ndipo ankadandaula kuti achimwene awo akungokankha mbale. Lufina ankabwera Loweruka lililonse. Ankawabweretsera mbatata ya kachewere imene ankaikonda, nayesa kuwafunsa za miyala kuti mwina angayambenso kulankhula, koma iwo ankatembenukira kukhoma.

A Obed anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Kuchipatala anati ndi chifuwa, fumbi la pa kwari linali litawononga mapapo kalekale.

Atachoka kumanda, Lufina anawauza azakhali ake zonse zimene zinachitika pakhonde paja.

"Ndikanangoti yosaya," anatero akulira. "Liwu limodzi lokha, azakhali. Akanapita akusangalala."

"Anali wodwala kale, mwana wanga," anatero a Eliness. "Usadzisenzetse."

Lufina anagwedeza mutu ngati wamva. Sabata yotsatira anabwerera ku Kandeu, koma atalowa m'kalasi n'kugwira choko, mawu anakana kutuluka. Ahedi anamupatsa masiku ena asanu kuti akapume, ndipo masikuwo anawathera m'nyumba, chitseko chili chotseka.